Ndikugulitsa Galimoto Yomwe Inafika Kumwezi

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, dizilo anadumpha kuchoka pa K1,920 kufika pa K2,734 pa lita, ndipo chiyambire pamenepo sanayang'anenso m'mbuyo. Mayi a kunyumba anapirira kwa kanthawi, kenako anagamula mlandu: "Abambo, sankhani. Pajero kapena ndiwo." Ndinasankha ndiwo, chifukwa Pajero siphika.

Chovuta ndi mita. Ikuonetsa makilomita 391,000. Mwana wanga wa Folomu 3, yemwe ndimamulipirira fizi kuti azindinyoza mwaulemu, akuti kuchoka pano kukafika kumwezi ndi makilomita pafupifupi 384,400. Ndiye kuti galimoto yangayi inafika kumwezi, inapitirira pang'ono posaka pokhotera, pano ili m'njira yobwerera. Neil Armstrong anapita mu 1969 pa ndalama za boma la America. Ine ndinapita pa malipiro a kalaliki, kudzera mu M1, ndi matumba a chimanga pamwamba.

Wogula woyamba anamenya tayala ndi nsapato, n'kusuzumira mita, n'kuimba likhweru. "Achimwene, yayenda iyi." Ndinamuuza kuti yayendadi, kumwezi si pa Mponela. Sanaseke. Anafunsa za utsi wakuda wotuluka kumbuyo, ndinati chombo chilichonse ponyamuka chimatero.

Kenako anabwera dobadoba, tayi m'khosi, mafoni awiri m'manja. Anandikokera pambali n'kunong'ona kuti ali ndi mnyamata wodziwa kubweza mita kuti izionetsa 120,000, kenako tizinena kuti ankayendetsa ndi mayi wina wopita kutchalitchi kokha. Akuti ogula masiku ano amafuna zongotsika kumene kuchokera ku Japan, zolowera pa Songwe zikadanunkha doko la Dar es Salaam. Ndinakana. Osati chifukwa cha chilungamo chokha ayi, komatu galimoto yavutikira ulendo wonsewo, ine ndiitsitse n'kuisiya ikulendewera m'mlengalenga, isanafike ndi theka lomwe? Ndipo mayi wake uti, tchalitchi chake chiti, chothetsa mipando mpaka siponji kuonekera?

Mkulu wina wa kumpingo anaikonda kwambiri, anati adzalipira akagulitsa fodya. Fodyayo anali asanafese n'komwe.

Makaniko wa ku Biwi yekha ndiye analankhula ngati munthu wogula. Iye safuna galimoto, akufuna giyabokosi, zitseko ziwiri ndi magalasi, poti a Mitsubishi anasiya kupanga Pajero mu 2021 ndipo zipangizo zake zikusowa. Ndinamukumbutsa kuti mtundu umenewu unapambana mpikisano wa Dakar maulendo 12. Anandifunsa ngati ku Dakar kuli mizere ya mafuta. Ndinamuuza za kumwezi, anati ndiye chifukwa chake masipuling'i anatha, kumeneko n'kokumbikakumbika. Ayi ndithu, bambo. Maenje amene anatha masipuling'i ndi akonkuno.

Apa ndiye pamandiwawa. Galimoto yokoka matayala onse anayi sindinagulire matama. Mvula ikayamba, msewu wa kumudzi kwathu umasanduka phala, minibasi imathera pa tala, ambulansi imabwerera pa mlatho. Mayi woyembekezera akadwala usiku, foni imene imalira ndi yanga. Pa lita iliyonse ya mafuta pali ndalama ya misewu, pa Chingeni ndi pa Kalinyeke timalipiranso pa geti, koma kuti munthu akachire kuchipatala zikudalirabe chigalimoto chokalamba cha kalaliki wosauka. Imeneyo si nthabwala, ndipo olandira ndalamazo ayenera kuchita nazo manyazi.

Akumudzi atamva kuti ndikugulitsa anatumiza amalume kudzandidandaulira. Anabwera ndi nkhuku. Nkhukuyo tinadya, galimoto ikugulitsidwabe.

Choncho wofuna abwere. Bulu buku ilipo, COF inatha koma mzimu ulipo, wailesi imagwira siteshoni imodzi mukamenya pamwamba pake. Mtengo tikambirana ngati anthu. Wofuna kuiyesa abwere ndi dizilo wake m'chigubu, komanso anyamata awiri amphamvu, chifukwa m'mawa siyaka popanda kukankha.