Kuthawa Mwaulemu ku Chinakanaka

Chichokereni namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anatsitsa matope ndi miyala m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe n'kusandutsa makalasi ambiri kukhala misasa ya othawa madzi, mwambo woyeserera kuthawa ngozi wayamba kupatsidwa ulemu pasukulu ya ku Chinakanaka. Mwambowu, umene ophunzira kwambiri amautcha dirilu, ndi ngozi yabodza yochitika pa nthawi yopangana, ndipo cholinga chake n'chakuti ngozi yeniyeni, yomwe siodira pakhomo, idzapeze miyendo itazolowera kale njira.

Chopinga choyamba ndi belu, popeza limu ya galimoto yopachikidwa mumtengo wa mango ndiyo imalengeza kulowa, kuweruka ndi phala lomwe, kotero ikalira nthawi yachilendo ana salunjika kumtunda koma kukhitchini, aliyense kapu ili m'manja, pa liwiro limene akatswiri a za ngozi amangolilota.

Chopinga chachikulu, komabe, ndi ulemu. Mwana woleredwa bwino sangadutse aphunzitsi aakulu ali chithamangire osapinda mawondo ndi kunena "zikomo", ndipo aphunzitsiwo sangathamange pamaso pa ana, chifukwa nsapato yopolishidwa ndi udindo zimayenda pang'onopang'ono. Amfumu akaitanidwa kudzaonerera, madzi ongoganizirawo amakakamizika kuima kaye podikira pemphero lotsegulira, malonje, ndi mawu a wapampando wa komiti ya sukulu, amene amalonjeza kuti sachulutsa gaga m'diwa kenako n'kuyankhula mpaka mthunzi wa mango utasamukira mbali ina. Alendo ena olemekezeka sasuntha pampando asanamve za alawansi, ndiye kuti ndalama yothokoza munthu chifukwa chovomera kupulumutsa moyo wake womwe.

Chodabwitsa n'chakuti dirilu imapambana kumene sinakonzedwe. Wakabaza mmodzi akaona ana akuthamanga amafikitsa kumsika uthenga wakuti Napolo watsika, ndipo Napolo, chinjoka chimene amati chimagumula phiri posamuka monga zinachitikira ku Phalombe mu 1991, safuna womasulira. Amayi a zinanazi amasenza madengu, ogulitsa kaunjika amamanga mitolo, angongole amathawira mbali yosiyana ndi owakongoza, zonsezi popanda pemphero kapena alawansi. Amene amatsala ndi mayi wa mandasi pampanda wa sukulu, amene anamva za dirilu dzana ndipo anakazinga beseni lachiwiri.