Chitamando cha Pulogalamu Yochedwa ndi Modemu Yake Yolira

Olemba mbiri ya makompyuta ali ndi chizolowezi chokondera, chifukwa amathera mawu awo onse potamanda zinthu zothamanga ndi zosavutitsa mwini wake, pamene chimodzi mwa zida zimene zinalera anthu oyamba kugwiritsa ntchito intaneti amachitchula mongodutsa, ngati kuti ntchito yake yonse inali kupsetsa anthu mtima. Chida chimenecho ndi pulogalamu yowerengera nkhani ya pa kompyuta ya patebulo, imene m'zaka za m'ma 1990 inkayenda limodzi ndi modemu, ndiko kuti kabokosi kosandutsa zolembedwa za m'kompyuta kukhala phokoso loti lidutse mu waya wa lamya. Palibe angatsutse kuti pulogalamuyi inkakana ntchito kawirikawiri, kuti inkadula nkhani pakati, ndiponso kuti inkayankha mwini wake ndi manambala m'malo mwa mawu, koma m'makhalidwe amenewa ndimo munali ulemerero wake, ndipo munthu wa ku Mkaika, ku Katete m'dziko la Zambia, amene amadziwa kuti chinthu cholemekezeka sachifikira mothamanga, ali ndi mwayi womvetsa zimenezi kuposa katswiri wa ku California.

Nkhani zimene pulogalamuyi inkawerenga zinali za Usenet, njira imene Tom Truscott ndi Jim Ellis anaiganiza mu 1979 pa Duke University ku America, yoti makalata olembera anthu onse azisanjidwa potengera mitu yake n'kumapatsirana kuchoka pa seva ina kupita pa ina. Seva ndi kompyuta yaikulu yosunga zinthu ndi kuzigawira makompyuta ena akazipempha, ndipo malamulo a kapemphedwe kake, otchedwa NNTP, analembedwa mu 1986. Mwa mapulogalamu amene anatchuka pa makompyuta a Windows panali Free Agent, ya kampani ya Forté, ndi WinVN, koma palibe imene inkatha kuima payokha, popeza Windows 3.1 inabadwa yosadziwa chinenero cha intaneti. Choncho mwini kompyuta ankayenera kuyamba waikamo pulogalamu ina, Trumpet Winsock, imene Peter Tattam analemba ku Tasmania, kuti ikhale womasulira pakati pa Windows ndi modemu. Phindu loyamba laonekera kale apa: munthu asanawerenge chilembo chimodzi anali ataphunzira kale zinthu zitatu zimene sanapemphe kuphunzira.

Ku Zambia nkhani yolumikiza makompyuta inayambira pa University of Zambia ku Lusaka, kumene mu 1991 makalata a pa kompyuta anayamba kuyenda mwa njira ya FidoNet, imene inkasonkhanitsa makalata n'kuwatumiza onse pamodzi pa nthawi zoikika, kudzera ku Rhodes University ku South Africa. Ku Malawi ntchito yofanana nayo inachitika pa Chancellor College ku Zomba motsogozedwa ndi Paulos Nyirenda. Mu November 1994 kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa yunivesite ya ku Lusaka ija, inalumikiza Zambia ku intaneti yeniyeni, ndipo dzikolo linakhala limodzi mwa maiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. Waya wake wopita ku Cape Town unkanyamula mabiti 14,400 pa sekondi, biti kukhala kagawo kochepetsetsa ka uthenga wa m'kompyuta, ndipo liwiro limeneli linali lofanana ndi la modemu imodzi ya m'nyumba ya munthu mmodzi. Kuwerengera kwake n'kosavuta: liwiro lotere limadutsitsa zilembo pafupifupi 1,500 pa sekondi, kotero kuti chithunzi chimodzi cha mamegabaiti 3, chonga chimene lamya zam'manja zimajambula lero pa ukwati, chikanatsekera dziko lonse njira kwa nthawi yopitirira theka la ola. Mtundu umene uli ndi khomo lopapatiza chotere suyerekeza kutumizirana zithunzi za nsima ndi ndiwo, ndipo ulemu wa anthu ambiri unatetezeka pa chifukwa chimenechi.

Munthu wa ku Katete wofuna kulowa nawo m'chisangalalochi ankayenera kukhala ndi zinthu zimene nyumba zambiri za m'dera la mafumu Mbang'ombe, Kawaza ndi Kathumba zinalibe, zomwe ndi kompyuta, magetsi a ZESCO ndi lamya ya waya ya Zamtel, kampani imene inapatuka ku bungwe la mapositi ndi lamya m'chaka chomwecho cha 1994. Popeza makina a ZAMNET poyamba anali ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 500 potsata msewu wa Great East, kulumikiza kulikonse kunali kuimba lamya ya kutali, yolipiridwa potengera nthawi. Apa ndi pamene nzeru ya Free Agent inaonekera, chifukwa inapangidwa kuti munthu aziwerenga atadula kale lamya: ankaimba koyamba n'kutenga mitu yokha ya makalata, n'kudula, ankasankha mwachifatse makalata oyenera ndalama zake, n'kuimbanso kuti atenge thunthu lake, n'kudulanso, ndipo yankho lake ankalilemba lamya ili chete, n'kulisunga kudikira ulendo wotsatira. Pakati pa kupsa mtima ndi kutumiza mawu opsa mtimawo pankadutsa maola, nthawi zina usiku wonse, ndipo makalata ambiri achipongwe anafera m'njira imeneyi mwini wake atagona n'kudzuka ndi maganizo ena. Aphunzitsi a chikhalidwe akhala akulalikira kudziletsa kwa zaka zambiri popanda chipambano chooneka, koma bilu ya lamya inakwanitsa ntchitoyo mwezi umodzi.

Chimene anthu amakumbukira kwambiri ndi kulira kwa modemu, ndipo ambiri amakutcha phokoso chabe, chomwe ndi kulakwa kwakukulu. Kulirako kunali kulonjerana kwa mamodemu awiri, amene ankayamba ayesa waya, n'kufunsana liwiro limene aliyense angathe, n'kugwirizana pa limene onse awiri angapirire, ndipo pokhapokha mwambowu utatha ndi pamene uthenga unkaloledwa kudutsa. Amene anafikapo ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, umene umachitika kumapeto kwa August pamene mafumu a Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera kwa Kalonga Gawa Undi, amadziwa kuti ngakhale mfumu yaikulu simangotulukira n'kuyamba kulankhula, koma imadikira nthawi yake, imadzera mwa nduna, ndipo nkhani imabwera ulemu utaperekedwa. Modemu inali chida chokhacho cha m'nyumba chimene chinkasunga dongosolo lotere, ndipo inkalisunga mokweza mawu, pakati pa usiku, kuti a m'nyumba onse ndi oyandikana nawo adziwe kuti mwini kompyuta ndi munthu wamwambo.

Komabe ulemerero weniweni wa chidachi uli m'kuwonongeka kwake, ndipo pano m'pofunika kufatsa. Modemu inkalamulidwa ndi mawu afupiafupi oyamba ndi zilembo AT, amene kampani ya Hayes inayambitsa mu 1981, ndipo inkayankha mwachidule chomwecho. Ikanena kuti NO DIALTONE inkatanthauza kuti m'waya mulibe moyo, ndipo mwini wake ankayamba ulendo wofufuza kuchokera kuseri kwa kompyuta, kutsata waya pansi pa tebulo ndi m'mbali mwa khoma mpaka pa mtengo wa panja, ulendo umene unkamuphunzitsa za nyumba yake zambiri zimene sankazidziwa. Ikanena kuti BUSY inkatanthauza kuti mamodemu onse a ku mbali inayo atengedwa ndi anthu ena, ndipo mankhwala ake anali kuimbanso, ndi kuimbanso. Ikanena kuti NO CARRIER inkatanthauza kuti kulumikizana kwaduka, kaya chifukwa cha chinyezi m'waya, kaya chifukwa wina m'chipinda china wanyamula lamya kuti aimbire achibale, ndipo mwa njira imeneyi banja lonse linkatenga nawo mbali pa maphunziro a munthu mmodzi. Panalinso nkhani ya kaimbidwe, popeza makina akale a ku ofesi ya lamya ankamva manambala mwa kugunda, monga zinkachitira lamya zozungulitsa ndi chala, pamene makina atsopano ankamva mwa kamvekedwe ka mawu. Wolemba ATDT pamene pankafunika ATDP ankatha madzulo onse akudzudzula modemu yosalakwa, kusiyana konse kuli pa chilembo chimodzi.

Vuto lokoma kuposa onse linali la mausi, kachipangizo kosuntha ndi dzanja kolozera zinthu pa sikirini. Makompyuta a nthawiyo anali ndi makomo olumikizira zida otchedwa COM1 mpaka COM4, koma mizere yoitanira ubongo wa kompyuta, yotchedwa IRQ, inali iwiri yokha pa makomo anayiwo: COM1 ndi COM3 ankagawana mzere wa 4, pamene COM2 ndi COM4 ankagawana mzere wa 3. Munthu akaika mausi pa COM1 ndi modemu pa COM3, zida ziwirizo zinkalimbirana mzere umodzi, kotero kuti kugwedeza dzanja pang'ono kunkatha kusokoneza kapena kuimitsa kalata imene inali m'njira. Kukonza kwake kunkafuna kutsegula bokosi la kompyuta ndi kusuntha timapulagi ting'onoting'ono pa khadi la modemu, ngati inali ya mtundu woikidwa m'kati mwa kompyuta, koma amene ankaopa kutsegula bokosilo anapeza njira ina yolemekezeka kwambiri, yomwe ndi kukhala duu, manja ali pa maondo, mpaka makalata onse atafika. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma sanasiye chida chophunzitsira kudekhako. Chidacho chinabwera mochedwa, m'bokosi la katoni.

Munthu akapambana mayeso onsewa ankakumana ndi seva, imene inkalankhula ndi manambala a madijiti atatu. Nambala 411 inkatanthauza kuti mutu umene wapemphawo kulibe, 480 inkafuna dzina ndi mawu achinsinsi, 502 inkamukaniza kulowa popanda kufotokoza zambiri, ndipo 430 inkamuuza kuti kalata imene akufunayo palibe. Nambala yotsirizayi ndiyo yofunika kuitamanda, chifukwa seva inali ndi malo ochepa osungira, motero inkafufuta makalata akale pakapita masiku angapo, ndipo amene wachedwa kuimba ankapeza mutu wa kalata uli m'ndandanda wake koma kalatayo itapita. Anthu osaleza mtima ankati kumeneku n'kuba, osazindikira kuti seva inkachita chifundo chimene dziko la lero lachiiwala, chifukwa zopusa zimene munthu analemba Lolemba zinkakhala zitakhululukidwa mwezi usanathe. Chifundochi chinayamba kutha mu 1995 pamene Deja News inayamba kusunga makalata onse, ndipo mu 2001 nkhokweyo inagulidwa ndi Google, kotero kuti mikangano ya anyamata a nthawi imeneyo ikhoza kuwerengedwa ndi adzukulu awo.

Pa nkhani ya chinenero pulogalamuyi inaweruza mlandu umene akatswiri akhala akukangana kwa nthawi yaitali, wa chilembo cha ŵ chimene chimalembedwa m'mawu onga Malaŵi ndi Cheŵa. Makalata ankayenda m'zilembo za ASCII, zomwe ndi zizindikiro 128 zokha zokonzedwera Chingerezi, ndipo ngakhale gulu lokulirapo la zilembo za ku Ulaya wa kumadzulo linalibe chilembochi, choncho kadenga ka pamwamba pa w kankagwa kokha popanda msonkhano, komiti kapena ndalama zolipirira nthumwi. Chithunzi kapena fayilo ina iliyonse yosakhala ya mawu inkayenera kusandutsidwa zilembo mwa njira ya uuencode ndi kudulidwa zigawo zambiri, ndipo kawirikawiri chigawo chimodzi chinkasochera m'njira, wolandira n'kutsala ndi chithunzi chokhala ndi mutu ndi mapewa okha, zotsalazo n'kumaziganizira yekha.

Sitingasiye kutchula fayilo yophera, imene inatchuka ndi pulogalamu ya rn yolembedwa ndi Larry Wall mu 1984, ndipo mapulogalamu ambiri otsatira anaitengera. Dzina lake n'loopsa koma ntchito yake inali yamtendere: munthu ankalembamo dzina la wolongolola amene watopa naye, ndipo kuyambira tsikulo makalata a munthuyo sankaonekanso, wolongololayo osadziwa kanthu, akupitiriza kulemba mwakhama kwa anthu amene anasiya kalekale kumumva.

Otsutsa anganene kuti chida chimene chinkafa ndi mphezi sichiyenera chitamando, ndipo n'zoona kuti m'nyengo ya dzinja, kuyambira November mpaka April, mphezi ikagwera pafupi ndi waya wa lamya mphamvu yake inkatsata wayawo mpaka kupsereza modemu, nthawi zina ndi kompyuta yomwe. Koma ichi chinkachititsa mwini wake kukhala katswiri wa zanyengo, woyang'ana mitambo ya ku mapiri a Mphangwe ndi diso la mlimi, wodziwa kuzula waya bingu lisanamveke kachiwiri. Anganenenso kuti chidachi chinali cha anthu ochepa, a m'maofesi, m'mamishoni ndi m'masukulu aakulu, pamene lamya zam'manja za Airtel, MTN ndi Zamtel zafika lero mpaka ku Sinda ndi ku Vubwi, maboma amene m'masiku a modemu anali asanakhazikitsidwe n'komwe, popeza anapangidwa mu 2012. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo woteteza pulogalamu yakale sangaikane, koma angangokumbutsa kuti lamya yamakono netiweki ikathawa imangoonetsa kachizindikiro kozungulira kosanena chilichonse, pamene chida chakale chinkatchula dzina la vuto lake, n'kupatsa mwini wake nambala yoti aidandaule. Seva ya Usenet ya pa Duke University, pamene zonsezi zinayambira, inazimitsidwa mu May 2010, ndipo Google inasiya kulandira makalata atsopano a Usenet mu February 2024.