Mapanga Awiri a string ndi String

Mapanga awiri avumbwitsa, anatero akale, ndipo mvula yake ikugwabe pa anthu olemba mapulogalamu m'chiyankhulo cha C#, chimene kampani ya Microsoft inatulutsa mu 2002. M'chiyankhulochi chinthu chimodzi chimayitanidwa pawiri. Wofuna kusunga mawu angalembe string kapena String, wofuna nambala angalembe int kapena Int32. Dzina loyambalo ndi lachidule, la chiyankhulocho. Lachiwirilo ndi limene linalembedwa m'nkhokwe ya .NET. Kompyuta ilibe nazo kanthu, zonse imazitenga chimodzimodzi. Ovumbwa ndi anthu, amene angathe kutha msonkhano wonse akukangana za chilembo chimodzi pulogalamu isanayambe n'komwe kuyenda.

Phanga lililonse lili ndi eni ake. Malangizo a Microsoft amakonda mayina achidulewo, ndipo chida cha StyleCop chili ndi lamulo lake, SA1121, lodzudzula wolemba Int32. Chifukwa chake n'chomveka: string sangatanthauze china, pomwe String amafuna mzere wa using System pamwamba, komanso munthu wina wosagona tulo akhoza kupanga String wakewake n'kusocheretsa anzake onse.

A phanga linalo si opepera ayi. Jeffrey Richter, mlembi wa buku la CLR via C#, amakonda mayina aataliwo. Mu C#, long ali ndi ma bit 64, koma mu C++ pa Windows ali ndi 32 okha. Int64, dzina lalitali la long mu C#, ndiye amanena msinkhu wake poyera. Pali kanthu kenanso kochititsa manyazi: wolemba float, pofuna kuwerenga nambala yomweyo m'fayilo, amayitana ReadSingle, n'kukumananso ndi Single, dzina lalitali la float limene analithawa.

Wonyowa kwambiri ndi mlendo wochokera ku Java. Kwawoko int ndi Integer ndi zinthu ziwiri zosiyanadi, choncho akafika kuno amakhala tsiku lonse akufufuza kusiyana kumene kulibe. Pamapeto pake amalemba string pamzere uwu, String pamzere wotsatira, kuti asakhumudwitse aliyense, n'kukhumudwitsa onse.

Magulu ambiri amathetsa mlanduwu posankha phanga limodzi n'kulemba chigamulocho m'fayilo ya .editorconfig. Kuyambira pamenepo Visual Studio imadzudzula yokha wolakwa, ndipo akatswiri aja amapeza mpata woyambiranso mkangano wawo wakale wa ma tab ndi ma space.