Mwana wa Ng'ona ndi Mchira Wake

Virtual machine, imene ambiri amangoti VM, ndi kompyuta yopanda thupi. Imakhala m'mimba mwa kompyuta ina yaikulu, seva, ndipo pulogalamu yoilera imatchedwa hypervisor. Disiki yake si chitsulo ayi, ndi fayilo chabe, yoti munthu angaikopere monga amachitira ndi zithunzi za paukwati. Akale anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo VM ndiyo inaugwiritsitsa mwambiwu kuposa ng'ona zenizenizo: ikabadwira ku VMware, mawa lake ipezeka ku Hyper-V, ku Proxmox kapena ku VirtualBox.

Chimene chimasamutsa ng'ona ndi kuphwa kwa madzi. Kampani ya Broadcom itagula VMware mu Novembala 2023, inaleka kugulitsa ziphaso zolipira kamodzi n'kuyamba zolipira nyengo ndi nyengo. Ana a ng'ona ambiri ananyamuka. Pofika Epulo 2024, Proxmox ya ku Vienna inali itatulutsa kale chida chokokera ma VM kuchokera ku ESXi, hypervisor ya VMware; mwini dziwe loyandikana anali atayala mphasa alendo asanaodire n'komwe.

Mwambiwu sunena chinthu chimodzi: pakati pa dziwe ndi dziwe pali mtunda, ndipo pamtunda ng'ona siyenda monyadira.

Chopinga choyamba ndi mtundu wa fayilo. VMware imasunga disiki ngati VMDK, VirtualBox ngati VDI, QEMU ndi KVM amakonda qcow2. Microsoft inali ndi VHD, yolekezera pafupifupi pa 2 TB, kenako mu 2012 inabweretsa VHDX yofika pa 64 TB. Mndandandawu umaopsa m'maso basi. Lamulo la qemu-img convert limatembenuza mtundu uliwonse mwa imeneyi kupita ku unzake, munthu ali phee kumwa tiyi. Chosamala n'chakuti disiki yolembedwa kuti 500 GB, imene m'kati muli zinthu za 40 GB zokha, ikakoperedwa mosaganiza imatha kufufuma n'kudzaza malo onse 500, ngati mlendo amene anati wabwera yekha koma ana ali kuseri kwa nkhokwe. Palinso OVF, muyezo wa bungwe la DMTF, ndi OVA, lomwe ndi phukusi lomanga pamodzi disiki ndi kalata yofotokoza VM.

Nkhani yaikulu ili kumchira, ndiwo ma snapshot, amene amasunga mmene VM inalili panthawi inayake kuti munthu athe kubwererako. Snapshot ikatengedwa, disiki yoyamba imaumitsidwa osalembedwanso, ndipo zonse zatsopano zimapita m'fayilo ina yosunga zosintha zokhazokha. Ku VMware fayiloyo dzina lake limathera ndi 000001.vmdk, ku Hyper-V ndi avhdx, ku qcow2 imaloza kholo lake lotchedwa backing file. Snapshot yachiwiri imakhala mwana wa yoyamba, yachitatu mdzukulu, mchira n'kumatalika. VMware imalola zokwana 32 pamzere umodzi ndipo imalangiza kuti snapshot isapitirire maola 72. Malangizowa amamveredwa ngati a dokotala oletsa mchere. Si zachilendo kupeza snapshot yotchedwa "tisanasinthe", ya zaka zitatu zapitazo, woitenga anasiya ntchito kalekale, otsala onse akuopa kuikhudza ngati chithumwa cha agogo.

Apa ndi pamene wosamutsa wopupuluma amagwa nayo. Amaona fayilo yaikulu, n'kunena kuti ng'ona ndi imeneyi, tina ting'onoting'onoti ndi zinyalala. Amaikopera, amaitembenuza, VM imayaka bwinobwino m'dziwe latsopano, iye n'kudziguguda pachifuwa. Lolemba m'mawa a ku ofesi ya ndalama amapeza kuti mabuku awo abwerera kutsiku limene snapshot yoyamba inatengedwa. Ng'ona yafika, koma yafika ili khanda. Wina akalakwitsa n'kuyatsa disiki ya kholo payokha, imasinthika, ana ake n'kuikana: VMware imadandaula kuti nambala yozindikiritsa kholo, CID, sikugwirizana.

Mchira suwoloka monga uliri. Dziwe lililonse limalemba mbiri ya ma snapshot m'njira yakeyake, ndipo zimene zinali m'memori panthawiyo, zimene VMware imasunga m'mafayilo a vmem ndi vmsn, kwina n'zopanda tanthauzo. Njira yake ndi kuphatikiza zonse m'disiki imodzi VM isananyamuke, kapena kuloza qemu-img ku fayilo ya kunsonga kwenikweni kwa mchira, kuti iwerenge mzere wonse mpaka kwa kholo. Chofika tsidya lina ndi disiki imodzi yosonyeza za lero. Mwayi wobwerera ku dzulo umatsala kumudzi.

Kufikako kulinso ndi zake. Windows imene inazolowera zipangizo zonamizira za VMware ikadzuka pa KVM n'kupeza disiki ya virtio popanda driver wake, imachita nkhope ya buluu n'kulemba kuti INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE, kumene kuli kunena kuti sikudziwa pamene yagona. Mankhwala ndi kuika ma driver a virtio ulendo usanayambe, kapena kuyamba kuidzutsa pa SATA. Chida cha virt-v2v cha Red Hat chimagwira ntchito yotereyi chokha. VM yobadwira pa UEFI ikaikidwa pa BIOS siyaka n'komwe, ndipo ku Hyper-V nkhani yomweyi ndiyo imasiyanitsa Generation 1 ndi Generation 2. Linux kawirikawiri imadzuka, koma khadi la netiweki limene ku VMware linali ens192 limapezeka ku Proxmox likutchedwa ens18, makina n'kukhala amoyo koma osalankhula ndi aliyense, ngati mkamwini woyamba kumene pachikamwini. VMware Tools nayo imachotsedwa, poti ndi chitupa cha mudzi wakale.

VM yakale siifufutidwa tsiku lomwelo. Imasungidwa ili yozima mpaka yatsopanoyo itayesedwa ndi eni ntchito, osati ndi woisamutsa yekha. Kuzimako n'kofunika: zonse ziwiri zikayaka pa netiweki imodzi zimalimbirana adiresi ya IP imodzi, ndipo zolemba za tsikulo zimatha kugawikana, zina kwa ng'ona yatsopano, zina kwa yakale.