Keke ilibe mlandu

Adokotala atandiuza kuti ndichepetse thupi, ndinavomera ndi mtima wonse. Chomwe sanandiuze n'chakuti anthu a ku ofesi kwathu amabadwa sabata iliyonse. Lolemba wowerengera ndalama, Lachitatu mlembi, Lachisanu abwana, amene chaka chino abadwa kale kawiri.

Ine sindikudandaula za munthu. Kungoti amene amandigwira pamimba m'mawa n'kunena kuti, "Achimwene, apa pakufunika kuthamanga," ndi omwewo amandibweretsera keke masana. "Kachidutswa kokha," amatero, kachidutswa kake kofanana ndi njerwa yowotcha. Ndikakana, amafunsa ngati tinayambana.

Loweruka kuphwando la mphwanga ndinadziletsa kwambiri. Mpunga, nkhuku, tchipisi ndi samusa ndinalandira ndi manja awiri, koma Fanta ndinaikana poyera, anthu onse akuona. Azakhali anayamikira khama langa, n'kundiwonjezera ntchafu ina kuti ndisafooke.

Dzulo ofesi yonse tinakwera sikelo, mmodzimmodzi. Titakambirana mofatsa, tinagwirizana kuti sikeloyo ndi yakutha. Yatsopano ikabwera, tidzailandira ndi keke.