Rimoti ndili nayo, koma boma lindithandize kudina

Anthu a mtundu wanga, amene timadzudzula pulogalamu yolaula maso ali tong'o pa kanema mpaka ithe, ndife umboni wokwanira woti dziko lino likufunikadi mlonda wa zoulutsidwa. Ife sitingadaliridwe. Timafuula kuti "izi zikuononga ana" anawo atagona kalekale, kenaka n'kukweza mawu kuti timvetsetse bwino chomwe chikuwaonongacho. Choncho sindikangana ndi amene adakhazikitsa bungwe la MACRA kudzera m'lamulo la mu 1998, kutatsala chaka chimodzi kuti wailesi ya kanema ya TVM iyambe kuonetsa mu 1999. Mkangano wanga uli poti mlondayo alondere chiyani, ndipo amutume ndani.

Taonani zimene zidachitika mu 2003. Big Brother Africa yoyamba ili mkati, Zein Dudha atatiimirira kumeneko, aphungu a Nyumba ya Malamulo adalamula kuti TVM isiye kuonetsa pulogalamuyo ati chifukwa ndi yosemphana ndi chikhalidwe chathu. Funso lomwe limandisowetsa tulo mpaka lero ndi lakuti: olemekezekawo adadziwa bwanji zonse zochitika m'nyumba ya Big Brother muja? Ayenera kuti adachita kafukufuku wozama, usiku ndi usiku, modzipereka ngati momwe timachitira enafe. Khoti Lalikulu lidachotsa chiletsocho, ndipo mtundu wonse udabwerera pampando kukapitiriza kunyansidwa. Apa m'pamene padaonekera kuti wandale akagwira rimoti ya dziko, amadina potengera yemwe akumuombera m'manja tsikulo, pomwe nkhani yotere imafuna lamulo lolembedwa, lonena poyera kuti zakutizakuti zizionetsedwa ana atagona, ndipo wophwanya alipira chindapusa.

Wina anena kuti ngati zikukunyansa, bwanji osangosintha tchanelo? Ali ndi mfundo, ngakhale sakudziwa kufooka kwa chala changa. Koma rimoti imathandiza pa zimene diso laona lokha kuti n'zoipa. Mwendo wosavala ndimauzindikira ndili patali, mwinanso msanga kuposa momwe ziyenera kukhalira. Bodza lovala tayi ndiye sindilizindikira. Sing'anga kapena mneneri akagula mphindi makumi atatu n'kulonjeza kuchiza shuga, kubweza mkazi wothawa ndi kuchulukitsa ndalama, ine ndimafunafuna cholembera kuti ndisunge nambala. Nkhani za madzulo zikamatamanda mbali imodzi, ndimangogwedeza mutu ngati gulo, mawa n'kukazibwereza m'minibasi ngati nzeru zanga. Wailesi ya boma ya MBC imayenda ndi misonkho ya tonse, komabe chipani chilichonse chikakhala kotsutsa chimalira kuti sichikuoneka pa kanemayo, chikalowa m'boma n'kupeza kuti wailesiyo ilibe vuto ngakhale pang'ono. Pamenepa ndiye pofunika mlonda wa mano, woluma wailesi ya boma ndi za eni mofanana.

Wina atinso mano alipo kale. Alipodi, koma onani komwe amaluma. Chisankho cha 2019 chitatha, MACRA idaimitsa mapulogalamu oimba foni, kutitseka pakamwa ife akatswiri a "ndikuimba kuchokera kuno ku Ndirande", mpaka khoti lidalowererapo. Mu 2022 Rainbow TV idalandidwa chiphaso pa nkhani ya ndalama za chiphasocho. Mu 2023 mkangano wa mitengo udachititsa kuti MultiChoice ilengeze zochotsa DStv m'dziko muno, ndipo amuna akuluakulu tidalira maliro a mpira wa ku England kuposa momwe tidalirirapo kukwera kwa feteleza. Ngongole ndi mitengo n'zofunika, sindikana, koma sizindiuza ngati zomwe ndikumeza madzulo aliwonse zili zoona.

Otsiriza ndi aja amati zonsezi n'kutaya nthawi poti ana ali pa TikTok, ena ali m'timanyumba ta vidiyo kumsika momwe simufika woyendera aliyense. Zoona, koma mafunde oulutsira mawu ndi chuma cha dziko, ndipo wopatsidwa chiphaso adalonjeza kutsata malamulo. Mnyamata wa foni sadalonjeze kanthu. A MACRA, masiketi afupiafupi tisiyireni ife, tipitiriza kuwadzudzula mwatcheru monga mwa nthawi zonse. Inu gwirani abodza ndi okondera, kuyambira ku wailesi imene timailipirira tonse.