Yatsikira Kuti, Tikagule Komweko?

Chakumapeto kwa mwezi uliwonse a ZamStats, bungwe la boma la ziwerengero ku Lusaka, amalengeza mmene mitengo ya zinthu yayendera. Nkhaniyo imafika ku Livingstone pa wailesi masana, ndipo pofika madzulo imakhala itadutsa m'kamwa mwa anthu ambiri, aliyense atathirapo mchere wake. Mu 2025 nambala yosonyeza liwiro la kukwera kwa mitengo inatsika ndithu: mu Febuluwale inali pa 16.8 peresenti, mu Seputembala inafika pa 12.3. Akuluakulu a boma akumwetulira. M'tauni muno anthu anangotolapo mawu awiri okha, akuti "mitengo yatsika", ndipo kuyambira ku Dambwa mpaka ku Libuyu funso ndi limodzi: yatsikira kuti, kuti nafe tikagule komweko?

Kumsika wa Maramba ndiye kwafika poseketsa. Ogula akubwera ndi nkhani ya pa wailesi ngati chida chonenerera. Bambo wina, akuti, anaima pa tebulo la tomato n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Amayi, simunamve kodi? Zinthu zatsika, chotsaniponi kenakake." Mayiyo sanakweze mawu n'komwe. Anangoti, "Bambo, amene ananena zimenezo ndiye akugulitseni tomato wake." Oyandikana nawo anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo yankholo layenda msika wonse, moti wa kapenta ndi wa chibwabwa akuligwiritsanso ntchito.

Koma amayi a ku Maramba ali ndi mlandu wawo womwe ogula akuwaimba. Mtengo wa mulu susintha kawirikawiri. Chomwe chimasintha ndi muluwo. Pomwe panali tomato anayi onenepa pakhala atatu, ndipo wachitatuyo ndi wamanyazi, wobisala pansi pa anzake. Mbasela, yomwe kale inali ufulu wa kasitomala wokhazikika, masiku ano uyenera kuipempha mochonderera, ndipo ikabwera ndi kanyezi kamodzi. Pa izi ndiwateteze pang'ono a ZamStats: iwo tomato amamuwerengera pa kilo, choncho mulu ukachepa zimaonekera m'mabuku awo. Koma mbasela palibe amene amailemba, chonsecho kwa mayi wophikira ana asanu inali gawo la ndiwo.

Za ufa ndiye pali mkangano weniweni, chifukwa apa mbali zonse zikunena zoona. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale chaka chimenecho kuti ndi ngozi ya dziko lonse, chinasiya Zambia ndi chimanga cha matani pafupifupi 1.5 miliyoni okha, ndipo thumba la makilo 25 la bulekifasi linapitirira K300. Mu 2025 zokolola zinafika cha m'ma 3.7 miliyoni, ndipo thumbalo linatsikadi m'masitolo. Ogwira ntchito za pamwezi, omwe amanyamula thumba lathunthu pa teksi, akuvomereza kuti apumako. Koma pitani ku Malota kapena ku Ngwenya, kumene ufa umagulidwa wa pamela, kajumbo kokwanira nsima ya madzulo amodzi. Kumeneko akuti pamela sanamve nkhaniyo. Wa kantemba akuti akugulitsabe thumba lomwe anaoda lisanatsike. Likatha, akuti jumbo zakwera. Zimenezi anthu amazikamba akuseka, koma ine zimandiwawa: wosauka, amene sangathe kusonkhanitsa ndalama ya thumba lonse, ndiye amalipira zambiri pa kilo iliyonse kuposa wolemera, ndipo kutsika kukabwera kumafika kwa iye pomalizira.

Oyendetsa mateksi a buluu a mumsewu wa Mosi-oa-Tunya nawo ali pamoto. Chichotsereni boma sabuside ya mafuta mu Disembala 2021, pomwe petulo anachoka pa K17.62 kufika pa K21.16 pa lita, mitengo yakhala ikuunikidwa mwezi ndi mwezi ndi a ERB, bungwe loyang'anira mitengo ya mafuta, ndipo mu 2024 inadutsa K30. Mu 2025 inatsikako miyezi ingapo. Okwera akuti, nanga bwanji wa ku Dambwa akadali womwewo? Madalaivala akuti galimoto simwa petulo yekha: pali matayala, pali masipeya, pali mwini galimoto amene amafuna ndalama yake ya tsiku yosapunguka. Mayi wina wa ku Linda ndiye anamaliza nkhani m'teksi momwemo. Akuti mafuta akakwera usiku, m'mawa mwake dalaivala amakhala atamva kale, koma akatsika wailesi ya m'galimoto imakhala yowonongeka. Dalaivalayo anaseka kuposa onse.

Amene analongosola bwino nkhani yonseyi, mwa zomwe ndamva, si wa masuti ayi. Ndi mkulu wina wogulitsa nsomba zouma, wakwawo ku Bulozi, kumene madzi a Zambezi amasefukira chaka ndi chaka. Iye akuti anthu akusokoneza zinthu ziwiri. Madzi akamakwera chikhatho chimodzi pa tsiku m'malo mwa zikhatho ziwiri, amene akuyeza pa ndodo sakunama akanena kuti zayamba kukhala bwino. Koma iwe amene nyumba yako ili m'chigwa, madzi ali m'mawondo, ndipo mawa adzakhala pamwamba pa mawondo. Kuchepa kwa liwiro si kuphwa kwa madzi. Mphunzitsi wina wopuma pantchito anaikapo masamu ake pa chikatoni: chinthu cha K100 chikakwera ndi 24 peresenti chafika K124, chaka chinacho chikakwera ndi 10 peresenti yokha chafika K136 ndi kangachepe. Nambala ya pa wailesi yagwa kuchoka pa 24 kufika pa 10, koma m'thumba mwako mukutuluka K36 yowonjezera. Omvera anagwedeza mitu, ndipo mmodzi anapempha kuti chikatonicho achipachike pageti la msika.

Nambala za mphunzitsiyo sanazitole patali. Zambia inadutsa momwemo posachedwapa: 24.6 peresenti pakati pa 2021, kenako 9.7 mu Juni 2022. Ndipo mukatchula zaka zimenezo ku Mukuni Park, kumene amagulitsa ziboliboli, kuseka kumayamba kwachepa. Mu 2020 korona itatseka malire, ndege zinasiya kutera pabwalo la Harry Mwaanga Nkumbula, malo ogona alendo anatumiza antchito kunyumba, mabwato a pa Zambezi anamangidwa padoko. Chuma cha dziko chinabwerera m'mbuyo ndi 2.8 peresenti, koyamba chiyambire 1998, ndipo mu Novembala chaka chomwecho boma linalephera kulipira ngongole yake ya Eurobond. M'mabuku a zachuma amati chuma chikazizira mitengo nayo imazizira. Ku Livingstone zinatsikadi zinthu, koma zinali zomwe anthu a kuno amagulitsa: mvuu yosema, chipinda cha alendo, ulendo wa pabwato, thukuta la munthu. Zomwe amagula, saladi, shuga, sopo, zinkakwera sabata ndi sabata chifukwa kwacha inali kugwa. Wosema wina akuti chaka chimenecho anaona njovu yake ya mtengo, yomwe anaikhalira masiku ambiri, ikusinthidwa ndi ndalama yosakwana nkhuku. Ndi chifukwa chake anthu a m'tauni ino akamva za kutsika kwa mitengo amayamba afunsa kuti, mitengo ya ndani?

Funso lomwelo linabweranso mu 2025 mwa njira ina, ndipo linagawa tauni pawiri. Kwacha inalimba: dola yomwe inkagulidwa pafupifupi K28 kumayambiriro kwa chakacho inafika posewera cha m'ma K23 ndi K24. Amene amakaoda katundu ku Botswana kudzera pa mlatho wa Kazungula, womwe unatsegulidwa mu Meyi 2021, ankayenda mokweza mapewa. Koma anyamata operekeza alendo ku mathithi, opalasa mabwato a mphira ku Batoka, operekera zakudya m'mahotela, omwe kanganyase kawo kamabwera m'madola, ankadandaula kuti mzungu akapereka madola khumi ankakhala atawadula K40 kapena K50 osadziwa. M'nyumba imodzi mutha kupeza mkazi wa salaula akupempherera kwacha kuti ilimbebe, mwamuna wake wa ku mathithi akupempherera kuti ifookeko pang'ono. Akuti banja lina lagwirizana kuti nkhani ya dola isamakambidwe pa nsima.

Amene amawaseka onsewa ndi abale athu a ku tsidya, omwe amawoloka mlatho wa Victoria Falls kudzagula ndi kugulitsa. Iwo akuti a Zambia mukukangana za chinthu chomwe simunachione. Ku Zimbabwe mu 2015 ndi 2016 mitengo inatsikadi zenizeni, nambala inapita pansi pa ziro miyezi yotsatizana, dziko likugwiritsa ntchito dola ya America ndipo katundu wa ku South Africa akulowa motchipa chifukwa randi inali itafooka. Kodi anthu anavina? Akuti ayi. Makampani ankatseka. Mu Julayi 2015 khoti lalikulu linagamula kuti bwana atha kuchotsa wantchito pongomupatsa notisi ya miyezi itatu, ndipo anthu zikwi zambiri anapita kunyumba m'masabata ochepa. Pofika 2016 anthu ankagona pamizere ya kubanki kudikirira ndalama zawo zomwe. Buledi anali wotchipa, ogula ndiwo anasowa. Anthu omwewa anaonanso mbali inayo mu 2008, ndipo pepala lija la madola 100 thililiyoni mpaka lero anyamata amaligulitsa kwa alendo pafupi ndi mlatho. Mayi wina wa kumeneko akuti zonse ziwiri anazilawa, ndipo njala yake inali imodzimodzi.

Kwa ometa tsitsi, owotcherera zitsulo ndi atsikana a m'masaluni, nkhani si ufa koma magetsi. Chilala chitaumitsa Kariba, mu 2024 magetsi ankatha kusowa maola oposa 20 pa tsiku, ndipo mu 2025 anali asanabwerere mwakale. Chomwe chimawaseketsa mowawa anthu a kuno n'chakuti pa mathithi pomwepa pali siteshoni ya magetsi ya mamegawati 108, ndipo usiku wopanda phokoso mkokomo wa madziwo umamveka m'makomboni muli mdima. Mtengo wa yuniti utha kukhala m'buku la ZamStats, koma mulibe nyama yomwe inawola mufiriji, mulibe makasitomala omwe anabwerera mutu utametedwa theka, mulibe kuti banja lomwe linkaphika pa sitovu tsopano likugula malasha tsiku ndi tsiku. Mulibenso chiwongoladzanja cha kaloba, komwe ambiri amathawira mwezi ukafika pakati. Za alandilodi sitinena zambiri: palibe m'tauni muno amene akukumbukira lendi itatsikapo.

Mu 2025 achipani cholamula nawo sanakhale chete, makamaka poti chisankho cha Ogasiti 2026 chinali chikuyandikira. Ankakumbutsa kuti kuyambira Januwale 2022 ana akuphunzira ulere mpaka kusekondale, ndipo kholo lomwe linkasowa tulo ndi fizi silingakane kuti pamenepo linapeputsidwa. N'zoona, ndipo n'zofunika kuzinena. Otsutsa ankayankha kuti mwana wophunzira ulere amafunabe kudya asanapite. Nazonso n'zoona. Mkanganowu umatha pokhapokha wina akagula chibwantu cha onse.

Amayi a mabungwe a kutchalitchi ndiwo ali ndi pepala lomwe ine ndimalikhulupirira kwambiri pa nkhani ya pakhomo. A Jesuit Centre for Theological Reflection, omwe ambiri amangoti JCTR, mwezi uliwonse amawerengera ndalama zomwe banja la anthu asanu lifunika kuti lidye mokwanira, lilipire nyumba, madzi, malasha ndi sopo, ndipo Livingstone ili m'gulu la matauni omwe amayendamo. Dengu lawo la zofunikazi la ku Lusaka linapitirira K10,000 mu 2024. M'chaka chomwecho malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'nyumba anakwezedwa kufika pa K1,300 pa mwezi. Ikani nambala ziwirizi pamodzi, muona chifukwa chake mayi wochapa ndi kusita ku Highlands samva chilichonse akauzidwa kuti tachoka pa 16 tafika pa 12.

Ine sindili m'gulu la onena kuti a ZamStats amaphika nambala. Ntchito yawo ndi yolemetsa, amayenda m'misika m'zigawo zonse khumi, ndipo chakudya amachipatsa gawo loposa theka la dengu lawo, monga ziyenera kukhalira m'dziko ngati lathu. Kutsika kwa nambalayo n'kwabwino, ndipo ikakhazikika pa 6 mpaka 8 peresenti pomwe Bank of Zambia imafuna, tonse tidzapindula. Cholakwika chili pa kalengezedwe. Munthu akauzidwa kuti zatsika, n'kupita kumsika n'kupeza zakwera, amasiya kukhulupirira nambala zonse, ngakhale zoona zomwe, ndipo dziko lomwe anthu ake sakhulupirira nambala limavuta kulikonza.

Pempho langa likupita kwa a mawailesi a m'tauni muno. Mukamawerenga peresenti ya mwezi, onjezani mphindi imodzi yokha: nenani m'makwacha mtengo wa thumba la ufa, thumba la malasha, botolo la saladi ndi kilo ya kapenta, lero ndi chaka chatha mwezi ngati womwewo, m'Chitonga, m'Chilozi ndi m'Chinyanja. Ndipo inu olemba anthu ntchito m'malo ogona alendo, poti alendo abwerera ndipo zipinda zikudzaza, tengani pepala la JCTR la mwezi uno muliike pambali pa buku lanu la malipiro musanasaine.